Pampu ya dizilo yavuta patangotha miyezi itatu chigulireni galimoto: kodi ndigule ina yakaunjika?

Funso: Ndinagula galimoto ya dizilo ya chaka cha 2013 kwa munthu wina ku Lilongwe, amene ananena kuti anaiitanitsa kunja ndipo wayendera zaka ziwiri zokha. Patangotha miyezi itatu inayamba kuchedwa kulira m'mawa, kenako tsiku lina ndikukwera Khwekhwerere inatha mphamvu, nyali ya injini inayaka, ndipo inazima. Makaniko wanga akuti pampu yafa, ndipo wandipezera ina yakaunjika ku Biwi pa mtengo wotsikirapo. Kodi ndigule? Kodi wogulitsa uja anandipusitsa? Mng'ono wanga akufunanso kugula galimoto ya dizilo yoti yayendapo kale, ndimulangize zotani? (Wowerenga wa ku Dedza)

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi chimene chikufunika changu: musagule kaye pampu imene akupezerani ku Biwiyo. Sindikunena kuti makaniko wanu walakwitsa, chifukwa zimene mwafotokozazi zingachokeredi ku pampu, koma zizindikiro zomwezo zimaonekanso pamene pampu ili bwinobwino ndipo vuto lagona pa kachipangizo kena kotsika mtengo kwambiri. Komanso ngati pampuyo yafadi m'njira imene ndikuopa, kumangirira ina popanda kugwira ntchito zina zimene ndifotokoze kutsogoloku kudzakhala kutaya ndalama, pakuti inayo idzafa imfa yomweyo pasanathe milungu yambiri. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza injini za dizilo ndaona anthu ochuluka akugula pampu kawiri, ndipo chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri mwa iwo anagula yoyambayo pasanayezedwe kanthu kalikonse.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikukuletsani, m'pofunika kudziwa kuti pampu imene ili m'galimoto yanu ndi yosiyana kwambiri ndi imene ambiri a ife tinakula tikuidziwa. Mbiri yabwino imene dizilo ali nayo kuno kwathu, yoti injini yake siifa wamba, inachokera ku injini zakale monga 2L ndi 3L za Toyota, 1HZ ya mu Land Cruiser, TD27 ya Nissan ndi 4D56 yakale ya Mitsubishi. Mapampu a injini zimenezi ankayenda ndi zitsulo zokhazokha popanda kompyuta, ankagawira mafuta ku silinda iliyonse motsatana, ndipo manozo ake, timilomo topopera mafuta m'silinda, ankatseguka pa pulesha yapakati pa ma bar 120 ndi 200. Zinali injini zopirira, moti munthu ankatha kuthira dizilo wokayikitsa, galimoto n'kungofuka utsi wambiri koma n'kumufikitsabe kumene akupita. Magalimoto ambiri a dizilo a chaka cha 2013 ali ndi dongosolo lotchedwa common rail, limene kampani ya Denso inayamba kuika m'malole a Hino mu 1995, ndipo mu 1997 linalowa m'magalimoto ang'onoang'ono kudzera mu Alfa Romeo 156 ndi Mercedes-Benz ndi zipangizo za Bosch. M'dongosolo limeneli pampu sigawanso mafuta. Ntchito yake ndi kuwapanikiza m'chitsulo chimodzi chokhala ngati paipi yochindikala, chimene amati rail, ndipo kompyuta ndiyo imatsegula injekita iliyonse, kachipangizo kopopera mafuta m'silinda, pa nthawi yake. Injini zoyambirira za common rail zinkafika ma bar 1,350, pamene za m'zaka za galimoto yanu zimafika pakati pa 1,600 ndi 2,000. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa ma bar awiri kapena awiri ndi theka, kotero tikukamba za mphamvu yoposa ya m'tayala maulendo oposa 600.

Kuti chitsulo chigwire pulesha yotere osadontha, mipata ya pakati pa ziwalo zoyenda m'kati mwa pampu ndi m'mainjekita imakhala ya ma micron ochepa chabe, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 60. Chimene eni magalimoto ambiri sadziwa n'chakuti m'magalimoto ang'onoang'ono ziwalo zimenezi sizilandira oyilo wa injini. Dizilo yemweyo amene pampu ikupopa ndiye amaifewetsa ndi kuiziziritsa, ndipo akangochepa kutelera, kapena akasakanikirana ndi madzi, fumbi kapena mpweya, chitsulo chimayamba kukhudzana ndi chitsulo chinzake pa liwiro lalikulu. Dizilo wa masiku ano amamuchotsa sulufule wambiri pomuyenga, ndipo kuchotsako kumachotsanso kutelera kwake kwachilengedwe, n'chifukwa chake oyenga amathiramo mankhwala obwezera kuteleraku. Palafini alibe kutelera kokwanira, petulo ndiye alibiretu, kotero malita angapo a zimenezi m'thanki ndi okwanira kuyambitsa chilonda chimene chidzaonekere patapita miyezi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife mwapadera. Kuyambira mu 2022 dziko lino ladutsa m'nyengo zingapo za kusowa kwa mafuta, ndipo m'nyengo zimenezi ngakhale anthu osamala kwambiri anagulapo dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu chifukwa analibe kuchitira mwina. Taganizirani mmene mafuta amenewa amafikira m'thanki yanu: chigubu chimene dzulo lake chinatungira madzi kapena chinali ndi mafuta ophikira, fanulo yodulidwa ku botolo la pulasitiki imene yakhala pansi pafumbi tsiku lonse, ndi kansalu koyala pakamwa pa thanki kamene kamagwira zinyalala zooneka ndi maso zokha. Ena mwa mavenda amenewa amaonjezeramo palafini kuti achuluke. Enanso mwa ife tinayendetsa mpaka thanki kuuma pofunafuna kumene kwafika mafuta, ndipo nthawi iliyonse imene pampu yakoka mpweya m'malo mwa dizilo, yazungulira youma. Galimoto imene munagulayo yakhala m'dziko muno zaka ziwiri m'manja mwa munthu wina, ndipo chilichonse chimene inamwa m'zaka zimenezo chasiya chizindikiro m'kati mwa pampu, kumene diso la wogula silifika.

Tsopano ndikuuzeni zoyenera kuchita, ndipo chonde tsatirani ndondomeko yake, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi fyuluta ya dizilo. Muuzeni makaniko atsegule kampopi kamene kali kunsi kwake, akhuthulire zimene zitulukemo m'botolo lagalasi loyera bwino, ndipo mulisiye likhazikike kwa mphindi khumi. Madzi amalemera kuposa dizilo, kotero ngati alimo mudzawaona atadikha pansi ndi mzere woonekera pakati pawo ndi mafuta. Nunkhizaninso, pakuti fungo la palafini ndi la petulo silibisika. Akatero amasule fyulutayo, aidule ndi chida chosagwetsa utuchi wachitsulo, atambasule pepala lam'kati mwake ndi kuliyang'ana padzuwa. Kenako amasule kavalavu kamene kali pa pampu penipeni, kamene kamayeza kuchuluka kwa mafuta olowa, ndipo ayang'ane kasefa kake ndi dzenje limene kamakhalamo. Chimene mukufunafuna ndi tizitsulo tonyezimira.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera ndi pikiapu yake itakokedwa, ali ndi pampu ina m'katoni imene anali atalipira kale. Anandipempha kuti ndingomangirira, chifukwa kutacha amayenera kukanyamula fodya. Ndinamupempha mphindi makumi awiri zokha. Titamasula kavalavuko, kasefa kake kanali kotuwa ngati kapakidwa phulusa, ndipo nditakapukuta ndi pepala loyera n'kuliika padzuwa, pepala lonse linathwanima ngati mchenga wa m'mphepete mwa nyanja masana. Ndinadutsitsa maginito m'dizilo amene tinakhuthula mu fyuluta, ndipo kunsonga kwake kunamera ndevu zakuda za utuchi wachitsulo. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali, chifukwa anazindikira yekha kuti zimene akuona pa pepalalo zafika kale paliponse pamene mafuta amadutsa.

Ngati simupeza chitsulo chilichonse, khazikani mtima pansi, chifukwa mwayi ndi waukulu woti pampu yanu ikadali yamoyo. Makaniko alumikize kompyuta yoyezera, ndipo asakhutire ndi kuwerenga nambala ya vuto yokha. Nambala ya P0087 imangotanthauza kuti pulesha ya mu rail yatsika kuposa imene ikufunika, P0088 kuti yakwera mopitirira, P0093 kuti mafuta akuthawira kwina ambiri, ndipo palibe ngakhale imodzi mwa izi imene imanena kuti pampu yafa. Chofunika ndi kuona manambala awiri akuyenda pamodzi injini ikugwira ntchito, pulesha imene kompyuta ikupempha ndi imene ikupezekadi, ndipo awaone poliza m'mawa, injini ikungolira payokha, komanso pokwera chitunda. Injini zambiri za mtundu umenewu sizilola mainjekita kutseguka pokhapokha pulesha itafika pafupifupi ma bar 200 mpaka 300 pamene sitata ikuzungulitsa, kotero batire lofooka kapena sitata yotopa zokha zingachititse kuti galimoto izichedwa kulira. Fyuluta yotsekeka imabweretsa ndendende zimene zinakuchitikirani pa Khwekhwerere, chifukwa pamalo athyathyathya mafuta ochepa amene akudutsa amakwanira, koma pachitunda injini ikafuna ambiri amaperewera ndipo kompyuta imachepetsa mphamvu kapena kuzimitsa injini poiteteza. Paipi yong'aluka kapena mphira wotha pamutu pa fyuluta zimalowetsa mpweya usiku, mafuta n'kubwerera kuthanki, m'mawa injini n'kumavuta. Magalimoto ena alinso ndi kapampu kamagetsi m'thanki kamene kamatumiza mafuta ku pampu yaikulu, ndipo kakatopa anthu amanamizira yaikuluyo.

Zinthu ziwiri ndikufuna kuzitchula mwapadera chifukwa ndizo zimanamiziritsa pampu kawirikawiri. Choyamba ndi kavalavu ndatchula kaja, kamene pa pampu ya Denso HP3 amati suction control valve. Pampu imeneyi ndi imene ili m'ma Hilux, Fortuner ndi Hiace ambiri a D-4D, mu Navara ya YD25, mu Triton ndi mu Isuzu ya 4JJ1. Kavalavuka kakayamba kukakamira, injini imalira mosakhazikika, imazima pamphambano, imatha mphamvu mwadzidzidzi, ndipo kamagulitsidwa pakokha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu yonse. Chachiwiri ndi mainjekita otha. Injekita iliyonse imabweza mafuta pang'ono kuthanki, ndipo ikatha m'kati imabweza ochuluka kwambiri moti pampu, ngakhale ikhale yatsopano, imalephera kudzaza rail, ngati munthu amene akutungira madzi m'ndowa yobooka. Kuyeza kwake n'kosavuta: amalumikiza timapaipi kuchokera pa injekita iliyonse kupita m'timabotolo tofanana, amaliza injini kwa kanthawi kochepa, n'kuyerekeza. Kabotolo kamene kadzaza msanga kuposa anzake kakuonetsani wolakwa. Makaniko amene wanena kuti pampu yafa asanachite zimenezi wangoganiza, ndipo muli ndi ufulu wonse womupempha mwaulemu kuti ayeze inu mukuona.

Koma ngati tizitsulo tapezeka, nkhani yake ndi yolemera, ndipo ndi bwino ndikuuzeni mosapita m'mbali. Pampu ikayamba kudzipera yokha, utuchi wake umapita njira ziwiri. Wina umakankhidwira mu rail ndi m'mainjekita onse, ndipo wina umabwerera kuthanki kudzera m'paipi yobwezera mafuta, n'kukadikira kumeneko kuti ukokedwenso. Kukonza koona kumafuna kutsitsa thanki ndi kuitsuka mpaka iyere, kutsuka kapena kusintha mapaipi onse opita ndi obwerera, kusintha fyuluta pamodzi ndi nyumba yake, kusintha rail ndi mapaipi achitsulo, ndi kutumiza mainjekita kukayezedwa pamakina, ngakhale kuti nthawi zambiri amafunika kusinthidwa onse. Mukadumpha chimodzi mwa izi, utuchi wotsalawo udzapha pampu yatsopano. Vutoli ladziwika kwambiri pa pampu ya Bosch CP4, imene ili m'injini zambiri za 2.0 TDI za Volkswagen ndi Audi ndi m'zina za BMW. M'kati mwake muli kagudumu kakang'ono kamene kamayenda pamwamba pa kamu, chitsulo chozungulira chokhala ndi linunda, ndipo kutelera kukachepa kamasiya kugudubuzika n'kuyamba kukhwekhwereza, nthawi zina kutembenukira cham'mbali n'kumapala kamuyo. Ku America bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto, NHTSA, linafufuza mapampu a ma Volkswagen TDI kwa zaka zingapo, ndipo mu 2021 magalimoto a Ram oposa 200,000 a m'zaka za 2019 ndi 2020 anaitanidwa kuti akasinthidwe pampu imeneyi. Chimodzi mwa zinthu zimene zinkatchulidwa kwambiri n'chakuti muyezo wa kutelera kwa dizilo ku America umalola chitsulo kuperesedwa mpaka ma micron 520 poyesa, pamene wa ku Ulaya umalekezera pa 460. Ngati kusiyana kochepa chotero kunali nkhani m'dziko limene mafuta ake ndi aukhondo, mungathe kuona nokha chimene chigubu chosakaniza palafini chingachite. Mapampu a Delphi a m'injini zoyambirira za 1.5 dCi, zimene zimapezeka m'magalimoto a Renault ndi Nissan, analinso ndi mbiri yofanana ya kutulutsa utuchi.

Za pampu yakaunjikayo, maganizo anga ndi awa. Sindidana ndi zipangizo zakaunjika, chifukwa magalimoto ambiri m'dziko muno akuyenda chifukwa cha misika ya Biwi ndi Ndirande, ndipo chitseko, giyabokosi kapena sitata yakaunjika ndimaziika popanda nkhawa. Pampu ya common rail ndi nkhani ina. Simudziwa chifukwa chimene inachotsedwera m'galimoto yake, ndipo ngati yakhala pashelefu miyezi ingapo makomo ake ali pululu, chinyontho ndi fumbi zalowa kale m'mipata ija ya ma micron ochepa. Ngati thumba silikulolani kugula yatsopano, gwirizanani ndi wogulitsayo kuti muyambe mwaipititsa kwa anthu amene ali ndi makina oyezera mapampu a dizilo, amene alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akupatseni zotsatira zolembedwa, ndipo mulipire pokhapokha itakhoza. Onetsetsaninso kuti nambala yolembedwa pa pampuyo ikufanana ndendende ndi ya pampu yanu, pakuti mapampu ofanana maonekedwe amasiyana m'kati. Mainjekita atsopano kapena okonzedwa amabwera ndi nambala zawo zimene ziyenera kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto, apo ayi injini idzagogoda ndi kufuka. Ndipo chonde musalole munthu aliyense kumasula paipi ya injekita injini ikulira pofuna kuona ngati mafuta akubwera, monga tinkachitira pa injini zakale. Pa pulesha imeneyi dizilo amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo bala lake, ngakhale limaoneka laling'ono ngati la singano, likhoza kudulitsa chala kapena dzanja.

Mwafunsa ngati wogulitsa uja anakupusitsani. Miyezi itatu payokha si umboni, chifukwa chigubu chimodzi choipa chimene inuyo munathira chingathe kupha pampu m'nthawi yochepa kuposa imeneyo, ndipo muyenera kudzifunsa moona mtima kumene mwakhala mukugula mafuta. Komabe pali zizindikiro zimene zimandichititsa kukayikira wogulitsa. Ngati tsiku lililonse limene munapita kukaiona munapeza injini ili yotentha kale, mwina ankabisa kuvuta kwake kwa m'mawa. Ngati fyuluta ya dizilo inali yatsopano pamene china chilichonse m'boneti chinali chosasamalidwa, ngati mabawuti a pampu ndi a thanki akuonetsa kuti sipanala yadutsapo posachedwa, kapena ngati makaniko apeza utuchi wakale wochita dzimbiri pansi pa thanki, ndiye kuti vutoli linayamba musanagule ndipo wina anayesa kuliphimba. Sungani fyuluta yodulidwayo, jambulani zithunzi, ndipo makaniko alembe zimene wapeza n'kusayina. Ngati munagula kwa munthu amene kugulitsa magalimoto ndi bizinesi yake, mungathe kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe lomva madandaulo a ogula, makamaka ngati pali kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp umene ananenamo kuti galimotoyo ilibe vuto. Ngati munagula kwa munthu wamba ndipo simunalemberane kanthu, njira yake ndi yovuta, ndipo kukambirana naye muli ndi umboni m'manja kungakupindulireni kuposa kuthamangira kukhoti.

Kwa mng'ono wanu, funso loyamba ndi lakuti kodi maulendo ake ndi otani. Dizilo wamakono amapindulitsa munthu woyenda mitunda italiitali kapena wonyamula katundu. Amene amangochoka ku Area 25 kupita ku City Centre m'mawa n'kubwerera madzulo mumdipiti wa magalimoto adzavutika ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imafuna injini itenthe bwino ndi kuyenda mosadukiza kwa mphindi makumi awiri kapena kuposerapo kuti iotche mwaye umene yasonkhanitsa. Kuotchako kukamadukizidwa, dizilo wina amatsikira mu oyilo wa injini n'kumusungunula. Pa Mazda CX-5 ya 2.2 SkyActiv-D, imene yachuluka m'misewu yathu chifukwa ku Japan imatchipa, kachitsulo koyezera oyilo kali ndi chilembo cha X pamwamba pa mzere wodzaza, ndipo oyilo akafika pamenepo ndiye kuti wachuluka dizilo ndipo ayenera kusinthidwa. Wogula aliyense asolole kachitsuloko, aone pamene oyilo walekezera ndi kumununkhiza. Pa injini ya 1KD ya Toyota, ya mu Hilux ndi Prado, afunse ngati mawashala a kunsi kwa mainjekita anasinthidwapo, chifukwa akamadontha mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa yokokera oyilo kunsi kwa injini. Kwa munthu wa maulendo afupiafupi a m'tauni, ine ndimalangiza galimoto ya petulo mosazengereza.

Ngati dizilo ndi amene akumufunadi, akakambirane ndi wogulitsa kuti akaione m'mamawa injini itagona usiku wonse, ndipo asanailize agwire injiniyo ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira. Akatembenuza kiyi koyamba aonetsetse kuti nyali zonse za pa dashibodi zayaka, kuphatikizapo ya injini ndi ya madzi a mu fyuluta, chifukwa alipo ogulitsa amene amachotsa babu kapena kumata nyaliyo. Injini yabwino imalira pa masekondi awiri kapena atatu, ndipo utsi woyera umene ukupitirira injini itatentha kapena wakuda wochuluka popondereza ndi chenjezo. Apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, amene ali ndi kompyuta yoyezera, ndipo makanikoyo aone ngati nambala za mavuto zafufutidwa posachedwa, aone kusiyana kwa pulesha yopemphedwa ndi yopezeka, ndi kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa pa injekita iliyonse. Akhuthulenso madzi a kunsi kwa fyuluta m'botolo lija. Poyesa pamsewu asangozungulira m'tauni, koma apeze chitunda chachitali, akwere ali pa giya yaikulu atapondereza mpaka pansi, pakuti pampu yotopa imadziulula pamenepo. Wogulitsa amene akukana chimodzi mwa zimenezi wayankha kale funso lonse.

Makilomita olembedwa pa dashibodi asawakhulupirire okha, chifukwa kuwabweza m'mbuyo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu wodziwa. Galimoto yochokera ku Japan imabwera ndi chikalata choitulutsira m'dzikomo chimene chimaonetsa makilomita amene inali nawo pa kuyezedwa kwake komaliza, ndipo ngati inagulidwa pa okishoni pamakhalanso pepala limene oyeza amaikapo giredi, pamene chilembo cha R kapena RA chimasonyeza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ya ku Britain mbiri yake ya MOT, kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka, pamodzi ndi makilomita a chaka chilichonse, imaonedwa kwaulere pa webusaiti ya boma ya GOV.UK ngati mukudziwa nambala imene inali nayo kumeneko. Ayerekeze manambala amenewa ndi kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira wa mabuleki. Nambala ya chasisi yosindikizidwa pachitsulo ifanane ndi ya mu bulubuku, mapepala a msonkho a MRA akhalepo, dzina la mwini galimoto ku Road Traffic likhale la munthu amene akugulitsayo, ndipo kusintha umwini akachite yekha ku ofesi osadalira adobadoba. Ya ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba. Pomaliza asathere ndalama zake zonse pa mtengo wogulira. Zipangizo za common rail timaitanitsa kunja, mitengo yake imatsata dola, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mainjekita anayi ndi pampu angathe kudya gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse.

Galimoto yanu ikadzuka, kaya vuto linali kavalavu kaya pampu yonse, sinthani kasamalidwe kake. Fyuluta ya dizilo muziisintha msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera, chifukwa bukulo linalembedwera mafuta a ku Japan kapena a ku Ulaya, ndipo muzigula yeniyeni kwa ogulitsa odalirika, pakuti zachinyengo zimabwera m'katoni yokongola yofanana ndi yeniyeni koma pepala lake limadutsitsa fumbi limene pampu singapirire. Kampopi ka madzi kaja muzikatsegula kamodzi pamwezi, ndipo m'nyengo yamvula kawirikawiri. Musalole mafuta kutsika kupitirira kota ya thanki. Pamene kusowa kwa mafuta kwakukakamizani kugula a m'chigubu, athireni kaye pang'ono m'botolo loonekera, muwanunkhize, muwasiye adikhe, ndipo malita awiri omaliza a pansi pa chigubucho musawathire m'thanki. Ngati tsiku lina pamalo omwetsera mafuta akuthirirani petulo molakwitsa, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa pa magalimoto ambiri kutembenuza kiyi kokha kumadzutsa kapampu ka m'thanki n'kutumiza petuloyo ku pampu yaikulu. Ikankhireni pambali, ikokedwe, thanki ikakhuthulidwe kugalaja.